Chifukwa chake chiwerengero cha mawu chimasiyana pa Windows, Linux ndi macOS

Posankha mawu oti alowe m'mabuku owerenga a kalasi yoyamba, ofufuza amawerengetsa mawu opezeka kawirikawiri m'nkhani za Chinyanja. Nkhanizi zimatayipidwa pa makompyuta osiyanasiyana ku Tete ndi ku Niassa, ndipo nthawi zina script imodzimodziyo imatulutsa ziwerengero zosiyana. Zikatero, mawu ofunika amatsika pamndandanda mpaka kusiyidwa m'buku. Kawirikawiri vuto silikhala mu script koma m'zizindikiro zobisika za mufayilo.

Choyamba ndi mathero a mzere. Windows imatseka mzere ndi zizindikiro ziwiri, CR ndi LF, pamene Linux ndi macOS zimaika LF yokha. Fayilo ya pa Windows ikawerengedwa pa Linux, CR imamatirira ku mawu omaliza a mzere. Motero `sort | uniq -c` imaona "mwana" wa pakati pa mzere ndi "mwana" wa kumapeto ngati mawu awiri. Lamulo la `file nkhani.txt` limaulula ngati muli CRLF, ndipo `tr -d '\r' < nkhani.txt > yoyera.txt` imachotsa CR yonse.

Chachiwiri ndi kachizindikiro ka m'mawu ngati ng'ombe ndi m'mudzi. Kiyibodi imalemba kowongoka (U+0027), koma Microsoft Word imakasintha kukhala kopindika (U+2019). Kwa wowerenga n'chimodzimodzi, koma kompyuta imawerenga ng'ombe ziwiri zosiyana. Mankhwala ake ndi `sed "s/’/'/g"`. Komanso script imene imadula mawu pa chizindikiro chilichonse chosakhala lemba imagawa ng'ombe kukhala "ng" ndi "ombe", choncho iyenera kuuzidwa kuti kachizindikiroka ndi mbali ya mawu.

Chachitatu ndi kasungidwe ka malemba. Fayilo ya UTF-8 ikatsegulidwa ngati ya Windows-1252, mawu a Chipwitikizi akuti "lição" amaoneka "liÃ§Ã£o". Izi zimakonzeka potsegulanso fayiloyo ngati UTF-8. Choopsa ndi lemba la ŵ, chifukwa mu Windows-1252 mulibe. Nkhani ikasungidwa m'njira imeneyi, ŵ amasanduka w kapena ?, ndipo ngakhale `iconv` singamubwezeretse.

Zida nazonso zimasiyana. Pa Linux `sed -i 's/a/b/' nkhani.txt` imasintha fayilo pomwepo, koma `sed` ya pa macOS imafuna `-i ''`, apo ayi imakana. Njira yosavutitsa ndi kusiya `-i` n'kutumiza zotsatira ku fayilo yatsopano ndi `>`, zomwenso zimateteza nkhani yoyambirira.

Choncho asanayambe kuwerengetsa, wofufuza asunge kope losakhudzidwa, aone fayilo iliyonse ndi `file`, aisandutse UTF-8, achotse CR, kenako afananitse tizizindikiro tija. Akatero ayese script pa nkhani yaifupi imene mawu ake awerengedwa kale pamanja. Ziwerengero ziwirizo zikagwirizana, mndandanda ukhoza kupita kwa olemba mabuku.