Kalata ya kampani yoyang'anira poimika galimoto musaiope, koma musaitaye

Ntchito yanga kuno ku England ndi yothandiza oyendetsa galimoto amene alandira makalata owauza kuti alipire chifukwa cha pomwe anaimika. Ambiri, kuphatikizapo Amalawi anzathu, amafika mtima uli m'mwamba poganiza kuti alakwira boma. Nthawi zambiri si choncho.

Yambani mwaona pamwamba pa kalatayo. Ikalembedwa Penalty Charge Notice, yachokera kukhonsolo, ndipo ndi chindapusa chenicheni. Ikalembedwa Parking Charge Notice, yachokera kukampani, yomwe ikungonena kuti munaphwanya mgwirizano wolembedwa pachikwangwani cha pamalopo. N'chifukwa chake ndimayamba ndafunsa kuti chikwangwanicho chinali pati. Ngati chinabisika kuseri kwa mtengo, kapena malemba ake ndi ang'onoang'ono osawerengeka usiku, mlandu wa kampaniyo ndi wofooka.

Kukhoma tayala ndi chitsulo nakonso kuli ndi malire. Kuyambira pa 1 Okutobala 2012, lamulo la Protection of Freedoms Act linaletsa makampani kukhoma kapena kukoka galimoto pamalo a eni ku England ndi ku Wales popanda mphamvu yochokera m'malamulo. Ku Scotland khoti linathetsa mchitidwewu kale mu 1992. Apolisi, makhonsolo ndi DVLA, bungwe la boma lolembetsa galimoto, ndi ena mwa amene mphamvuyo akadali nayo.

Koma lamulo lomwelo linapatsa makampani njira ina: dalaivala akapanda kudziwika, angathe kulipiritsa amene galimotoyo inalembetsedwa m'dzina lake. Adiresi amaigula ku DVLA. Mu 2015 khoti lalikulu kwambiri m'dzikoli, pamlandu wa ParkingEye ndi Beavis, linagamula kuti mapaundi 85 amene analipiritsa munthu woimika galimoto kupitirira maola awiri ku Chelmsford anali ovomerezeka.

Chimene chimandiwawa ndi kuona munthu ataponya kalata m'kabati mpaka nkhani kufika kukhoti. Chigamulo chikamugwera osalipira msanga, chimakhala pa dzina lake zaka 6, n'kumalephera kupeza ngongole ngakhale nyumba ya lendi.

Choncho jambulani chikwangwani, sungani tikiti, ndipo lembani apilo kukampaniyo nthawi isanathe. Ikakana, kachiteninso apilo ku POPLA ngati ili m'bungwe la British Parking Association, kapena ku IAS ngati ili mu International Parking Community. Mukasamuka, sinthani adiresi ku DVLA, chifukwa kalata imene simunaione nayonso ingakufikitseni kukhoti.