Akachotsa fupa la m'mutu, dzenjelo limatsekeka

Kuno ku Chimadzi ndi m'midzi ya m'malire, mwina munaonapo munthu wochokera ku opaleshoni ya m'mutu, mbali ina ya mutu wake italowa mkati ngati liwombo la khanda. Ambiri amati dokotala analakwitsa. Si choncho ayi.

Kuti afike pa chotupa cha mu ubongo, madokotala amadula kachigawo ka chigaza, ndipo nthawi zambiri amakabwezera tsiku lomwelo. Koma pali zotupa zina, monga meningioma, zimene zimalowerera m'fupa lenilenilo. Fupa lotere sangalibwezere, chifukwa chotupa chingaphukenso. Ena amachotsedwa fupa ubongo ukatupa pambuyo pa ngozi ya njinga yamoto. Pamatsala khungu lokha kuphimba ubongo.

Dzenjeli amalitseka ndi opaleshoni yachiwiri. Njira yakale ndi simenti ya mafupa yotchedwa PMMA, imene dokotala amaumba ndi manja ikadali yofewa. Masiku ano wodwala amajambulidwa ndi makina a CT, kenako kompyuta imatengera mbali yabwino ya mutu n'kukonza chivindikiro chofanana ndendende ndi dzenje la munthuyo. Chimakhala cha chitsulo cha titanium kapena pulasitiki yolimba yotchedwa PEEK. Mu 2014 madokotala a ku Utrecht, m'dziko la Netherlands, analengeza kuti anaika chigaza chapamwamba chonse cha pulasitiki kwa mayi wa zaka 22. Zoterezi n'zodula, n'chifukwa chake simenti ija ikadali yofunika m'maiko osauka.

Nanga n'kuvutikiranji, poti bala lapola? Ubongo wopanda fupa umapanikizika. Ena mutu umawapweteka, amachita chizungulire, dzanja kapena mwendo umafooka, ndipo ambiri amapezako bwino dzenjelo likatsekedwa.

Podikira, zimene zingatenge milungu kapena miyezi, wodwala asasenze ndowa kapena nkhuni pamutu, ngakhale ndi nkhata. Asagonere mbali yopanda fupayo. Asakwere mumtengo kapena padenga. Ndipo chonde, achibale, musamutengere kokatema mphini pamalopo. Pansi pa khungulo pali ubongo.

Mukaona mafinya, madzi oyera akutuluka pabala, kutentha thupi, kugwa ngati khunyu kapena tulo tosadzutsika, thamangani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Zizindikiro zimenezi muzisamale nazo ngakhale chivindikiro chitaikidwa kale, chifukwa tizilombo tikalowa amachichotsa.

Yambirani kuchipatala cha kwanu, chimene chimatumiza ku chipatala cha chigawo cha Tete, kenako ku Beira kapena Maputo. Amene munachitidwa opaleshoni ku Malawi, kaya ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku LION ku Lilongwe, chimene chinatsegulidwa mu 2023, sungani bwino zithunzi za CT ndi kalata ya dokotala, ndipo powoloka pa Zóbuè kapena Calómuè muzinyamule.