Waya kapena ulusi: chingwe chiti pa winchi ya galimoto yanu?

Mvula ikayamba mu Novembala, misewu yadothi yakumidzi imasanduka matope. Inu amene mumakapikula mbatata, tomato kapena nyemba pa Hilux kapena Land Cruiser mukudziwa kuti galimoto ikatitimira tsiku lathunthu, katundu amawonongeka ndipo phindu limathera pomwepo. N'chifukwa chake ena amamangitsa winchi kutsogolo kwa galimoto, makina okoka ndi chingwe oyendera batire. Pogula winchi, kapena posintha chingwe chakutha, wogulitsa adzakufunsani: cha waya kapena cha ulusi?

Chingwe cha waya ndi chija chachitsulo chopotedwa. Ndi chotsika mtengo, sichiopa dzuwa kapena kutentha, ndipo chimapirira chikakhuzika pamiyala. Koma n'cholemera, chimachita dzimbiri chikakhala chonyowa osapakidwa mafuta, ndipo chikapindika molakwika sichiwongokanso bwino, pamalo pamenepo pamakhala pofooka. Chikakalamba, timawaya timaduka n'kutuluka ngati minga yobaya m'manja. Choopsa kwambiri n'chakuti chikaduka chili chokokeka, chimabwerera mwamphamvu ngati chikwapu, moti chingathyole munthu mwendo kapena kuswa galasi.

Chingwe cha ulusi chimalukidwa ndi pulasitiki wapadera wolimba kwambiri. Dzina lodziwika ndi Dyneema, ulusi womwe anayamba kupanga ndi a kampani ya DSM ya ku Netherlands. Pa mphamvu yofanana, chimapepuka kangapo poyerekeza ndi waya, ndipo chimayandama pamadzi. Mnyamata wanu angathe kuchinyamula mosavuta powoloka matope kukafika pamtengo. Chikaduka sichibwerera ndi ukali wa waya, ndipo wodziwa amachilumikiza poluka pomwepo. Vuto lake ndi mtengo wokwera komanso chisamaliro. Mwala wakuthwa umachidula, mchenga ukalowa mkati umadya ulusi pang'onopang'ono, dzuwa nalo limachifooketsa. Chimaopanso kutentha: ulusiwu umasungunuka pa madigiri pafupifupi 145, ndipo umayamba kufooka kutentha kusanafike pamenepo. Mawinchi ambiri ali ndi buleki mkati mwa dilamu yokulungira chingwe, yomwe imatentha mukamatsitsa katundu wolemera nthawi yaitali.

Tsono musankhe chiti? Yang'anani msewu wanu ndi ntchito yanu. Ngati vuto lanu ndi matope, monga makande a ku Chikwawa ndi Nsanje, ndipo galimoto ikatitimira anthu amadzaza kudzathandiza kapena kudzaonerera, chingwe cha ulusi n'chabwino chifukwa ngozi yake ndi yochepa. Ngati mumayenda m'misewu yamiyala kumapiri, mumakokera mitengo yogwa pamsewu, kapena galimoto imayendetsedwa ndi madalaivala osiyanasiyana osasamala zida, waya adzakukhalitsani ndipo ndalama zotsala muwonjezera mpamba.

Pogula, kumbukirani izi:

Mphamvu ya winchi ikhale kamodzi ndi theka kulemera kwa galimoto yodzaza katundu. Galimoto ya makilogalamu 3,000 ikufuna winchi ya makilogalamu 4,500, omwe ndi mapaundi pafupifupi 10,000 monga amalembera pabokosi. Chingwe nacho chikhale ndi chikalata chosonyeza mphamvu yomwe chimadukira, ndipo ipose ya winchi.

Musanamizidwe ndi chingwe cha nailoni chomangira katundu chomwe chili mbwee m'mahadiweya. Chimenecho chimatamuka, ndipo chikaduka chimakwapula koopsa. Si cha winchi.

Mukasintha kuchoka ku waya kupita ku ulusi, onetsetsani kakhomo kodutsira chingwe. Marola omwe waya anawakanda amadula ulusi, choncho ambiri amaikapo kakhomo kosalala ka aluminiyamu. Dilamu nayo isalazidwe ngati ili ndi zipsera. Ndalama imeneyi muiwerengere pamodzi ndi mtengo wa chingwe.

Chingwe chilichonse chomwe mwasankha, valani magolovesi, ndipo musachimasule chonse: siyani mizere yosachepera isanu padilamu ngati ndi waya, ndi yoposerapo ngati ndi ulusi. Musazengereze chingwe pamtengo n'kukola ngowe pachingwe chomwecho. Gwiritsani lamba wokulira pamtengo. Pakati pa chingwe ikanipo bulangete lolemera kuti chikaduka chigwere pansi. Anthu onse aime kutali kuposa kutalika kwa chingwecho, ndipo injini izilira kuti batire isathe.

Mukabwerako kumudzi, cha ulusi chitsukeni ndi madzi oyera, chiume, kenako muchiphimbe ku dzuwa. Cha waya chipukuteni ndi kuchipaka mafuta pang'ono. Chingwe chomwe chayamba kuthothoka, kaya waya kaya ulusi, chisintheni mvula isanafike pachimake mu Januwale, pamene ulendo umodzi wotitimira ungadye phindu la mwezi wonse.