Kufufuza Vuto la Magetsi M'boti ndi Voltmeter

Ana inu ndi aphunzitsi anu, makamaka inu a ku Kafue Estates amene mumakhala pafupi ndi mtsinje wa Kafue, lero tikamba za magetsi a m'boti. Mukamva za magetsi, kapena mumaganiza za Kafue Gorge, kumene madzi a mtsinje womwewu akhala akuzungulitsa makina opanga magetsi kuyambira m'chaka cha 1971. Koma boti likakhala pakati pa madzi, mawaya a ZESCO salifika. Maboti ang'ono ambiri amalizidwa ndi chingwe, koma aakulu amadalira batire la mavolti 12 poliza injini, poyatsa nyali ndi poyendetsa pampu yotaya madzi olowa m'boti.

Taganizani boti lodzaza nsomba lochokera ku Kafue Flats, dzuwa litapendeka. Woyendetsa apotoza kiyi, injini ingoti "tiki", basi. Galimoto ikafa pamsewu anthu amatsika n'kuikankha. Boti simungalikankhe. Madzi amalitenga, mdima umagwa, nsomba zimawonongeka, ndipo mvuu ndi ng'ona zili momwemo.

Ambiri amafulumira kunena kuti batire latha. Munthu wosamala amayamba wayeza. Chida choyezera ndi voltmeter, dzina lochokera kwa Alessandro Volta wa ku Italy amene anapanga batire loyamba m'chaka cha 1800. Chidachi chimayeza mphamvu yokankha magetsi m'waya, monga momwe thanki lokwezedwa pamwamba limakankhira madzi m'paipi. Chili ndi nthambo ziwiri: yofiira imagunda mutu wa batire wolembedwa +, yakuda imagunda wolembedwa −. Pa voltmeter za masiku ano, zolemba manambala, muike chosankhira pa DC 20.

Choyamba, yezani batire litapuma, zonse zili zozima. M'kati mwake muli zipinda 6, chilichonse chopereka mavolti pafupifupi 2.1. Motero batire lodzaza limaonetsa 12.6. Likaonetsa 12.2 ndiye kuti latsala theka, ndipo likatsika pansi pa 12.0 latsala pang'ono kutheratu. Onani mmene kusiyana kwake kuliri kochepa. Lilime kapena kuthethetsa waya, monga ena amachitira, sikungakuuzeni zimenezi, ndipo kuthethetsako n'koopsa.

Komabe batire lopuma limatha kunama. Lokalamba lingaonetse 12.5, koma pofika pa ntchito n'kufooka. Tsono nthambo zikhale pomwepo, wina apotoze kiyi. Manambala adzatsika ndithu, pakuti sitata imakoka magetsi ambiri. Akatsika pansi pa 9.6, batirelo lafooka. Koma akangokhala pa 12 injini osatembenuka, batire lilibe mlandu: magetsi akutsekeredwa penapake panjira.

Apa ndi pamene boti limasiyana ndi galimoto. M'galimoto, magetsi amabwerera ku batire kudzera m'chitsulo cha galimotoyo. Boti la matabwa kapena la fibreglass lilibe chitsulo chotere, choncho nyali iliyonse imafuna mawaya awiri, wopita ndi wobwerera. Polumikiza m'pambiri, ndipo paliponse pamalowa chinyezi. Dzimbiri lobiriwira limadya mkuwa wa waya, ufa woyera umamera pa mitu ya batire, ndipo kunjenjemera kwa injini kumamasula manati. Amakanika ambiri adzakuuzani kuti vuto limapezeka kawirikawiri m'malo otere kuposa m'batire.

Kodi malowo mungawapeze bwanji? Chitani ngati munthu wolondola paipi yotsekeka. Nthambo yakuda ikhale pa mutu wa −, yofiira muziyenda nayo. Gundani fyuzi mbali yolowera: pali 12. Gundani mbali yotulukira: ngati pali 0, fyuziyo yapsa. Ngati ili bwino, pitirirani ku switchi, kenaka ku nyali. Pamene mavolti asowera, vuto lili pakati pa pamenepo ndi malo omwe munayeza pomaliza. Mavolti akafika mpaka pa nyali koma osayaka, kaikirani babu kapena waya wobwerera, amene anthu amamuiwala nthawi zambiri.

Pali kuyeza kwina kumene ine ndimakuona kopambana. Gundani nthambo imodzi pa mutu weniweni wa batire, ina pa chomangira chogwira mutuwo, wina n'kupotoza kiyi. Polumikiza pabwino pamaonetsa pafupifupi 0. Pakaoneka theka la volti kapena kupitirira, mphamvu ikutayikira pomwepo, ngakhale maso aone ngati pali bwino. Mankhwala ake ndi otsika mtengo: kumasula, kutsuka ndi madzi osakaniza ndi soda, kupala mpaka pawale, kumanga zolimba ndi kupaka girizi.

Injini ikalira, yezaninso. Manambala ayenera kukwera kufika pakati pa 13.8 ndi 14.4, kusonyeza kuti injini ikubwezera magetsi m'batire. Akakhala pa 12 pomwepo, batire likungodyedwa, ndipo ngakhale latsopano lidzatha.

Ana inu, ntchito ya pa batire la boti ndi ya akulu. M'kati mwake muli asidi wotentha khungu ndi maso, ndipo limatulutsa mpweya wa hydrogen umene umaphulika ndi kamoto kakang'ono. Pansi pa boti pamakhalanso mpweya wa petulo. Pochotsa batire, akulu amayamba kumasula waya wa −, ndipo sipanala isagunde mitu yonse iwiri nthawi imodzi. Musayese konse kulowetsa nthambo za voltmeter m'masoketi a m'nyumba. Mmenemo muli mavolti 230, okwanira kupha munthu.

Aphunzitsi, phunziroli lingachitike m'kalasi ndi mabatire a tochi. Limodzi latsopano limaonetsa pafupifupi 1.5, awiri otsatizana 3.0. Lumikizani awiriwo ndi babu la tochi ndi mawaya awiri, kenaka ana atatembenuka lowetsani kapepala pamalo amodzi olumikiza, osaonekera. Perekani voltmeter kwa gulu loyamba, ndipo mwana mmodzi azilemba pa bolodi manambala a malo alionse amene anzake agunda.