Muyeso wa Mankhwala pa Matenda a Mtima

Ana inu, mkati mwa mtima muli tizitseko timene titseguka ndi kutseka kuti magazi ayende njira imodzi. Tizilombo ta mabakiteriya tikamanga pa tizitsekoti, munthu adwala koopsa, ndipo alandira mankhwala kudzera m'mitsempha kwa milungu 4 kufikira 6.

Koma odwala onse sapatsidwa muyeso umodzi. Woyenera mnyamata wamphamvu ukhoza kupweteka nkhalamba ya impso zofooka, pakuti impso ndizo zicotsa mankhwala ambiri m'thupi. Cifukwa cace, popereka mankhwala ochedwa gentamicin, dokotala ayamba wapima kulemera kwa wodwala ndi mphamvu ya impso zace. Pambuyo pace apimanso magazi kuti aone mankhwala otsalamo. Mankhwalawa akacepa, tizilombo sitifa. Akaculuka aononga impso ndi makutu, ndipo kugontha kotere kawirikawiri sikucira.