Mapulogalamu a Pafoni Amene Anthu Wamba Akuwalakalaka

Nthawi yochuluka ya munthu wamba m'chigawo chino cha Africa imathera m'kudikira ndi m'maulendo opanda phindu. Mayi amalawirira kuchipatala, nakhala pamzere mpaka dzuwa litafika paliwombo, kenaka n'kuuzidwa kuti mankhwala adatha. Woyendetsa minibasi amazungulira mzinda wonse kusaka mafuta, nawotcha ndi ochepa omwe adali nawo. Wometa tsitsi amatsekula malo ake osadziwa kuti magetsi azima nthawi yanji. Gwero la zosautsa zonsezi ndi limodzi: uthenga umene munthu akadaumva asadachoke pakhomo amakaumva atafika kale.

Kodi foni ya m'manja singathandizepo? Pankhani ya ndalama idathandiza kale. M-Pesa idayamba ku Kenya m'chaka cha 2007, EcoCash ku Zimbabwe mu 2011, ndipo ku Malawi Airtel Money idafika mu 2012, Mpamba mu 2013. Lero gogo wa kumudzi amalandira thandizo lochokera kwa mwana wake popanda kudikira munthu wobwera pabasi ndi kalata. Ngati foni idatha kusenza ndalama, palibe chifukwa choti ilephere kusenza uthenga.

Magetsi ndi mafuta

Pulogalamu yoyamba imene ambiri angaikonde ndi yochenjeza za kuzima kwa magetsi. Ku South Africa, Dan Wells ndi Herman Maritz adapanga EskomSePush, yomwe imauza munthu ola limene magetsi azime m'dera lake. Kuno kwathu kusowa kwake kudaoneka mu 2022, pamene namondwe Ana adaononga malo opangira magetsi a Kapichira pamtsinje wa Shire, komanso mu 2024, pamene chilala chidachepetsa madzi m'nyanja ya Kariba ndipo mabanja ambiri ku Zambia ankakhala pafupifupi tsiku lathunthu opanda magetsi. Pulogalamu sipanga magetsi, koma wachigayo, wowotcherera zitsulo ndi wogulitsa nsomba za m'firiji akadziwiratu, amakonza ntchito yawo moyenera.

N'chimodzimodzinso ndi mafuta a galimoto. Pamene adasowa ku Malawi mu 2022 ndi mu 2024, anthu ankauzana pa WhatsApp kumene thanki yatsitsa. Nzeruyo idali yabwino, koma mauthenga ena ankafika mafuta atatha, ena adali mphekesera chabe. Chofunika ndi pulogalamu imene eni malo omwetsera mafuta angalembepo okha zimene ali nazo.

Mankhwala

Yachiwiri ndi youza wodwala ngati mankhwala ake alipo pachipatala chapafupi. Luso lake si lachilendo. Mu 2009 ku Tanzania kudayesedwa njira ya SMS for Life, imene ogwira ntchito zachipatala ankatumiza sabata iliyonse chiwerengero cha mankhwala a malungo otsala. Njira zotere zimathandiza akuluakulu a zaumoyo, koma wodwala matenda a shuga kapena othamanga magazi, amene amalipira kabaza kupita ndi kubwerera, saona chilichonse. Atamutsekulira zenera laling'ono, ndalama ya ulendo wachabe ikadagula ndiwo.

Msika

Yachitatu ndi ya mlimi. Wolima mbatatesi ku Tsangano kapena tomato ku Jenda nthawi zambiri amamva mtengo kuchokera pakamwa pa wogula yemweyo, amenenso amabwera ndi sikelo yake. Akadadziwa mtengo wa tsikulo ku Lilongwe, ku Tete kapena ku Chipata, akadanenerera molimba mtima. Paja akuluakulu adati safunsa adadya phula, koma mlimi afunse yani ngati wodziwa mtengo ndi yekhayo amene akufuna kumudyera masuku pamutu? Pankhani ya matenda a mbewu chitsanzo chilipo: pulogalamu ya PlantVillage Nuru imazindikira matenda a chinangwa ikaona tsamba kudzera pakamera ya foni, ngakhale popanda intaneti.

Zoyenera kukumbukira

Achinyamata athu amene aphunzira luso lopanga mapulogalamu asaiwale munthu amene akumupangira. Ambiri kumudzi ali ndi foni ya mabatani. Amene ali ndi foni zamakono amaumira bandulo, ndipo si onse amene amawerenga Chingerezi. Pulogalamu yothandiza iyenera kulankhula Chichewa, Chitumbuka, Chiyao kapena Chisena, kulola munthu kufunsa ndi mawu apakamwa, ndi kukhala ndi khomo lina la SMS kapena nambala yongoimba. Chipatala Cha Pa Foni, chomwe chidayamba m'boma la Balaka mu 2011 ndipo kenaka chidafalikira m'dziko lonse la Malawi, chidatsata njira imeneyi: munthu amaimba foni nalankhula ndi wazaumoyo m'chinenero chake.

Koma chachikulu koposa sichili m'manja mwa wopanga pulogalamu. EskomSePush idatheka chifukwa kampani ya magetsi ndi makhonsolo a mizinda ankafalitsa ndondomeko ya kuzima kwa magetsi. Ndondomeko ikalembedwa kuti magetsi azima 6 koloko m'mawa koma n'kuzima pakati pa usiku, pulogalamu imasanduka yabodza, ndipo munthu amene wanamizidwa kawiri saitsekulanso. Choncho pempho lenileni likupita kwa makampani a magetsi ndi madzi, maunduna a zaumoyo ndi zaulimi, ndi oyang'anira misika: atulutse zimene akudziwa, pa nthawi yake, mwachoonadi, ndiponso mwanjira yoti aliyense wodziwa ntchitoyi angazigwiritse ntchito. Akatero, achinyamata oti asandutse uthengawo kukhala pulogalamu alipo kale ku Lusaka, ku Blantyre ndi ku Maputo.