Mwana Akachita Ngozi ya Galimoto

Amayi, ambiri a inu pobwera kuno kusikelo mumayenda m'mphepete mwa msewu mwana ali kumsana. Ena mumakwera minibasi, matola kapena kabaza. Za malungo, chikuku ndi kutsekula m'mimba timakambirana mwezi ndi mwezi, koma za msewu sitikamba kawirikawiri. Mu 2023 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la World Health Organization linalengeza kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa chaka chilichonse pa ngozi za pamsewu, ndi kuti palibe chinthu china chimene chimapha ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29 kuposa ngozizi.

Kawirikawiri zimachitika motere. Galimoto yagunda mwana, mwana wagwa, walira, kenaka wadzuka ndi kuyamba kuyenda. Anthu amamuyang'ana thupi lonse, ndipo poona kuti magazi sakutuluka amati wapulumuka. Mayi amapita naye kunyumba. Usiku mwana uja ayamba kusanza, ndipo pofika m'mawa sakudzuka. Nkhani ino yalembedwa kuti zotere zisakuchitikireni. Kuvulala kumene kumapha ana ambiri kumakhala kwa m'kati, kosaoneka ndi maso.

Chifukwa chake mwana amavulala msanga

Galimoto ikagunda munthu wamkulu imafikira m'miyendo, koma mwana ndi wamfupi, choncho imam'fikira pamutu, pachifuwa kapena pamimba. Mutu wa mwana ndi waukulu poyerekeza ndi thupi lake, pamene khosi lake n'losakhwima. Nthiti zake n'zofewa: zimapindika osathyoka, kotero mapapo akhoza kuvulala nthiti zili zabwinobwino. Magazi akenso ndi ochepa. Munthu wamkulu ali ndi magazi okwana malita 5, koma mwana wolemera makilogalamu 10 ali ndi magazi osakwana lita imodzi, pafupifupi makapu atatu basi. Akataya kapu imodzi yokha, moyo wake uli pachiswe.

Kuvulala m'mutu

Mtsempha ukang'ambika m'kati mwa chigaza, magazi amatuluka pang'onopang'ono, ndipo popeza alibe kotulukira amayamba kupanikiza ubongo. Ichi ndicho chifukwa chake mwana angathe kusewera masana ndi kudwala usiku. Thamangirani kuchipatala mukaona chimodzi mwa izi:

1. Mwana anakomoka pa ngoziyo, ngakhale kwa kanthawi kochepa.
2. Wasanza kawiri kapena kuposa apo.
3. Akungogona ndipo akuvuta kudzutsa.
4. Akukana kuyamwa, kapena akulira osatonthola.
5. Akugwedezeka thupi ngati wakhunyu.
6. Magazi kapena madzi oyera akutuluka m'khutu kapena m'mphuno.
7. Liwombo la khanda latupa.
8. Akuyenda modzandira, kapena dzanja kaya mwendo wafooka.

Kuvulala m'chifuwa ndi m'mimba

Kumanzere pansi pa nthiti kuli kapamba, kumanja kuli chiwindi. Ziwalo ziwirizi zimasunga magazi ambiri ndipo zimang'ambika msanga. Mwana amene wakhala akudwaladwala malungo amakhala ndi kapamba wotupa, ndipo kapamba wotere amang'ambika ngakhale atagundidwa pang'ono chabe. Magazi amatayikira m'mimba momwemo, kunja osaoneka kanthu.

Zizindikiro zake ndi izi: mimba kuwawa, kutupa kapena kuuma, m'zikhatho ndi m'kati mwa zikope kuyera monga mwa mwana woperewera magazi, manja ndi mapazi kuzizira, thukuta ndi ludzu lalikulu, kupuma mofulumira kapena movutikira, kutsokomola magazi, ndi magazi mumkodzo, amene amasonyeza kuti impso kapena chikhodzodzo zavulala. Palibe mankhwala a panyumba amene angaletse magazi otayikira m'kati. Mwana wotere angafunike kuwonjezeredwa magazi ndi kuchitidwa opaleshoni tsiku lomwelo.

Khosi ndi msana

M'kati mwa mafupa a khosi ndi msana mumadutsa mtsempha waukulu umene umayendetsa manja ndi miyendo. Fupa likathyoka, ndipo wovulala akanyamulidwa mopindika, fupalo lingadule mtsemphawo ndi kum'puwalitsa moyo wake wonse. Ngati wovulala akudandaula khosi kapena msana, akumva dzanzi, kapena sakutha kusuntha miyendo, musam'khazike tsonga ndipo musam'bereke. Munthu mmodzi agwire mutu kuti usatembenuke, ena am'goneke pa thabwa kapena chitseko, thupi lonse lili lowongoka.

Mafupa othyoka

Fupa la mwana lili ngati nthambi yaiwisi: nthawi zina limapindika ndi kung'aluka mbali imodzi osaduka. Choncho mwana akamakana kuponda mwendo kapena kugwiritsa ntchito dzanja, musati wangobinya. Musawongole, musakoke, musatsire mphini. Mangirirani chiwalocho ku kathabwa kapena katoni yopinda ndi chitenje, osamanga kwambiri, ndipo pitani naye kuchipatala kuti akam'jambule. Fupa la mwana limalumikizana msanga, ndipo likalumikizana mokhota limavuta kukonza. Ngati fupa latulukira kunja, phimbani ndi nsalu yoyera, musalibwezere m'kati.

Mabala ndi kupsa

Bala lotuluka magazi lipanikizeni mwamphamvu ndi nsalu yoyera kwa mphindi 10 osasuzumira. Nsalu ikanyowa, onjezerani ina pamwamba pake. Ngati galasi kapena chitsulo chalowa m'thupi, musachizule. Bala laling'ono la kusupuka litsukeni ndi madzi aukhondo ndi sopo mpaka mchenga wonse utachoka. Bala lakuya kapena loyasama lifunika kusokedwa tsiku lomwelo. Mwana akapsa ndi paipi yotulutsa utsi ya njinga yamoto, thirani madzi ozizira pamalopo kwa mphindi 20.

Musaike dothi, ndowe, phulusa, masamba otafuna kapena mafuta a galimoto pabala. Tizilombo ta kafumbata timakhala m'dothi ndi m'ndowe. Katemera amene mwana amalandira ali ndi masabata 6, 10 ndi 14 amam'tetezanso ku kafumbata, choncho tengani buku lake la kusikelo kuti adokotala aone ngati anamaliza. Patapita masiku, bala likatupa, likatuluka mafinya, kapena mwana akatentha thupi, bwererani kuchipatala.

Mayi woyembekezera

Mayi wapakati akachita ngozi apite kuchipatala ngakhale asakumva ululu. Kugundika pamimba kungachititse nsengwa kulekana ndi chiberekero nthawi isanakwane. Kutaya magazi kapena madzi, kupweteka kwa mimba, ndi mwana kusiya kugunda, zonsezi n'zosayenera kudikira m'mawa.

Zoyenera kuchita pamalo a ngozi

Choyamba imitsani magalimoto ena kuti ngozi isachitikenso. Onani ngati wovulala akupuma. Wokomoka amene akupuma m'tembenuzireni chammbali, mutu ndi msana zili pamzere umodzi, kuti asatsamwe ndi masanzi. Musam'thire madzi ndipo musam'gwedeze. M'fundeni chitenje. Wovulala kwambiri musam'patse chakudya, madzi kapena mankhwala akumwa, chifukwa angafunike kugonetsedwa pa opaleshoni. Asipirini ndi woletsedwa, pakuti amachititsa magazi kuchedwa kuundana.

Musataye nthawi kukangana ndi woyendetsa galimoto kapena kukambirana za chipepeso mwana ali gone. Pitani kuchipatala chimene chili pafupi. Ogwira ntchito kumeneko akaona kuti n'kofunika adzakutumizani ku chipatala cha boma lanu, kapena ku zipatala zazikulu za Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu ku Lilongwe, Zomba kapena Mzuzu. Fotokozani zonse mosabisa: nthawi ya ngozi, pamene mwana anagundika, ndi ngati anakomoka kapena kusanza. Musaope kuti akudzudzulani chifukwa cholekerera mwana. Paja mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Akakutulutsani m'chipatala, yang'anirani mwana kwa masiku awiri. Akhoza kugona, koma usiku woyamba muzim'dzutsa pakapita maola awiri kapena atatu kuti muone ngati akukuzindikirani. Chizindikiro chilichonse mwa zimene tatchula chikaoneka, bwererani nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku.

Kupewa

Yendani kudzanja lamanja la msewu kuti muziona magalimoto akubwera kutsogolo kwanu, mwana ali mbali yotalikirana ndi msewu. M'gwireni pamkono powoloka. Musatume mwana wamng'ono kuwolotsa mng'ono wake. Mukalowa m'galimoto tsitsani mwana kumsana, chifukwa pa ngozi angapanikizike pakati pa inu ndi mpando. Ana akhale mpando wa kumbuyo. Dziwaninso kuti manja a mayi salowa m'malo mwa lamba kapena kampando ka mwana: galimoto yothamanga makilomita 50 pa ola ikawomba chinthu, mwana wa makilogalamu 10 amakankhika ndi mphamvu yonga ya matumba 6 a chimanga, ndipo palibe mayi amene angagwire katundu wotere.

Kumbukirani

Mwana aliyense wogundidwa ndi galimoto, njinga yamoto kapena njinga yakapalasa, kapena amene anali m'galimoto yochita ngozi, aonedwe kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale akuyenda ndi kuseka. Akuluakulu anati linda madzi apite ndiye uziti ndadala. Musanene kuti mwana wapulumuka adokotala asanamuone ndipo masiku awiri asanathe. Uzaninso abambo, agogo ndi anansi anu zimene mwawerengazi, pakuti tsiku la ngozi mwina ndi iwo amene adzakhale pafupi ndi mwana wanu.